Mafunso a Owerenga: Msonkho wa pa Malire Ukachotsedwa, Amapindula Ndani, Amalipira Ndani?

Makalata ambiri a mwezi uno akufunsa za mapangano a malonda opanda msonkho, aja mayiko amagwirizana kuti katundu wawo azidutsa pa malire osalipira msonkho wa kasitomu. Ayankha ndi alembi athu a za chuma ndi malonda a pakati pa mayiko.

Akonzi, boma likasainira pangano lotere, ndiye kuti katundu yense ayamba kulowa ulere? Nanga bwanji mitengo m'masitolo sitsika? — Mayi woitanitsa katundu kunja

Ayi mayi. Umachoka ndi msonkho umodzi wokha, wa kasitomu, ndipo nawonso suchoka tsiku limodzi. VAT imakhalapo. Msonkho wapadera wa pa mowa, fodya ndi mafuta a galimoto umakhalapo. Ndalama za wokukiliyirani katundu, za pa doko, za inshulansi ndi za thiraki sizisuntha.

Tiwerengere limodzi ndi manambala ongoyerekeza. Katundu wafika pa malire, ndipo mtengo wake pamodzi ndi mayendedwe ndi inshulansi ndi madola 1,000. Msonkho wa kasitomu ndi 25 peresenti, VAT ndi 15 peresenti. Pangano lisanabwere mulipira 250 ya kasitomu, ndipo VAT imawerengedwa pa 1,250 osati pa 1,000, ndiye ikhala 187.50. Zonse pamodzi 1,437.50. Msonkho utachotsedweratu mulipira VAT ya 150 basi, zonse 1,150. Mtengo wa pa malire watsika ndi 20 peresenti. Koma wogula wa m'sitolo amalipiranso lendi, malipiro a antchito, chiwongoladzanja cha ku banki ndi phindu la aliyense amene wagwira katunduyo m'njira. Ndipo ngati oitanitsa katundu ameneyo ali awiri kapena atatu okha m'dziko lonse, palibe chowakakamiza kutsitsa mtengo. Madola 287.50 aja amangowaika m'thumba.

Palinso ndandanda ya zaka. Pangano la mayiko a mu Africa la AfCFTA linasainidwa ku Kigali pa 21 Malichi 2018, malonda n'kutsegulidwa pa 1 Januwale 2021. Mitundu ya katundu anaigawa patatu. Pa 90 peresenti msonkho uzitsika pang'onopang'ono m'zaka 5, kapena 10 kwa mayiko osaukitsitsa. Pa 7 peresenti, katundu amene dziko likufuna kumuteteza, zaka ndi 10 kapena 13. Yotsala 3 peresenti dziko likhoza kuisiya kunja kwa pangano. Zitatu pa 100 zikumveka zochepa, koma chikuwerengedwa apa ndi mizere ya m'buku la msonkho, ndipo dziko lililonse limaika m'gulu limeneli katundu amene limatolerapo ndalama zambiri kapena amene mafakitale ake amapanga. Pali malire akuti katundu wosiyidwayo asapitirire 10 peresenti ya mtengo wa zonse zimene dzikolo limagula kwa anzake a mu Africa, komabe katundu wanu akhoza kupezeka momwemo.

Fakitale yosoka zovala ikagula nsalu kunja kwa chigawo, n'kugulitsa malaya kudziko limene lili pa pangano, bwanji wogula amalipitsidwa msonkho wonse? Malayawo si asokedwa konkuno? — Bambo wa fakitale yaing'ono

Apa ndi pamene anthu ambiri amagwera, bambo, ndiye tikhalitsapo.

Pa pangano la mtundu uwu dziko lililonse limasunga msonkho wakewake pa katundu wochokera kumayiko a kunja kwa pangano. Izi n'zosiyana ndi mgwirizano ngati SACU wa kum'mwera kwa Africa, woyambira mu 1910, momwe mayiko onse ali ndi msonkho umodzi wa kunja. Ndiye pakanapanda lamulo, wamalonda akanalowetsa katundu wa ku Asia kudzera m'dziko la msonkho wotsika, n'kusintha makatoni, n'kumuwolotsa ulere kwa onse. N'chifukwa chake pangano lililonse lili ndi malamulo onena kuti katundu ndi wa dziko liti.

Zolimidwa, zoweta ndi zokumbidwa m'dziko momwemo sizivuta. Vuto lili pa katundu wopangidwa ndi zipangizo zakunja. Njira imodzi ndi kuyeza gawo la mtengo limene lawonjezedwa m'dzikomo. Ku COMESA, komwe malonda opanda msonkho anayamba pa 31 Okutobala 2000, gawoli liyenera kufika 35 peresenti ya ndalama zopangira katunduyo. Ngati chinthu chadya madola 100 kuti chituluke m'fakitale, ndipo 70 ndi ya zipangizo za kunja kwa chigawo, mwawonjezera 30 yokha ndipo pa njira imeneyi mwagwa. Njira ina ndi kusintha kwa nambala ya katundu, HS code. Buku la manambalawa limasungidwa ndi bungwe la kasitomu la dziko lonse lapansi, World Customs Organization, ndipo manambala 6 oyamba ndi ofanana m'mayiko onse oligwiritsa ntchito. Nsalu ya thonje ili m'mutu 52, zovala zili m'mitu 61 ndi 62, choncho kusoka kumasinthadi nambala. Koma zovala zimakhala ndi lamulo lakelake lokhwima. Ku SADC lamulo limafuna ntchito ziwiri: nsalu ilukidwe m'chigawo, chovala chisokedwe m'chigawo. Ku North America amayambira pa ulusi weniweniwo. Kudula ndi kusoka nsalu yakunja sikukwanira.

Mtengo wobisika ndi umenewu. Malaya a madola 10 pa msonkho wa 20 peresenti, pangano likupulumutsani madola 2. Ngati nsalu ya m'chigawo ikukwera ndi madola 2.50 pa malaya amodzi kuposa yakunja, kutsata lamulo n'kuluza. Makampani ambiri amawerenga chonchi n'kusankha kungolipira msonkho, pangano lili pompo. Malamulowa amathanso kukhwimitsidwa dala pofuna kuteteza mafakitale a dziko lamphamvu. Pa NAFTA, pangano la United States, Canada ndi Mexico, galimoto inkafunika kukhala ndi 62.5 peresenti ya m'chigawo. Pa USMCA, lomwe linalowa m'malo mwake pa 1 Julayi 2020, anakweza kufika 75 peresenti.

Ngakhale katundu woyenera amakanidwa pa zifukwa za mapepala. Nambala ya pa satifiketi yosonyeza kumene katundu wapangidwira isiyane ndi ya pa invoisi, basi. Siginecha kapena chidindo chikhale chosafanana ndi zitsanzo zimene ofesi ya kasitomu ya tsidya linalo inalandira, basi. Katundu adutse m'dziko lachitatu, atsegulidwe n'kupakidwanso kunja kwa maso a kasitomu, wataya ufulu wake. Kungopakira, kumata mapepala a dzina, kusungunula ndi madzi kapena kumanga zidutswa ndi masikuluwu sikusandutsa katundu kukhala wanu. Makampani a ku Britain anaziona izi kuyambira 1 Januwale 2021: pangano lawo ndi European Union linalibe msonkho, koma katundu wopangidwa ku Ulaya, wongosungidwa m'nyumba zosungiramo katundu ku Britain, ankalipitsidwa msonkho pobwerera ku Ulaya komweko chifukwa sanasanduke wa ku Britain. Sungani ma invoisi a zipangizo ndi mabuku a ndalama zopangira kwa zaka zimene pangano latchula. A kasitomu amatha kufufuza katundu atagulitsidwa kale, ndipo umboni ukasowa, wogula wanu amalipira msonkho wonse wam'mbuyo, nthawi zina ndi chindapusa. Ameneyo sadzakugulaninso.

Owerenga awiri atilembera zotsutsana. Mphunzitsi wina akuti katundu akatsika mtengo ndiye kuti dziko lapindula, palibe zokambirana. Wophunzira za chuma akuti boma limangotaya ndalama za sukulu ndi zipatala. Wolondola ndani?

Aliyense wagwira mbali, koma aphunzitsi alakwitsa ponena kuti palibe zokambirana. Katswiri wa za chuma Jacob Viner anaonetsa mu 1950 kuti pangano lotere limachita zinthu ziwiri zosiyana. Nthawi zina limachotsa malonda m'manja mwa wopanga wodula wa m'dziko n'kuwapereka kwa wotchipa wa dziko la pa pangano, ndipo apo dziko lapindula. Nthawi zina limawachotsa kwa wotchipa wa kunja kwa pangano n'kuwapereka kwa wodula wa pa pangano, ndipo apo dziko laluza ngakhale wogula akumwetulira.

Onani firiji. Dziko la kunja kwa pangano limaigulitsa madola 200, dziko la pa pangano 230. Msonkho wa 25 peresenti uli pa onse, yoyambayo imafika pa 250, yachiwiriyo pa 287.50, ndipo aliyense amagula yoyambayo. Boma limatolera 50 pa firiji iliyonse. Pangano labwera: yachiwiriyo ikulowa pa 230, yoyambayo ikadali pa 250. Wogula wapulumutsa 20. Boma lataya 50. Ndalama zakunja zotuluka m'dziko zakwera kuchoka pa 200 kufika pa 230. Mukaphatikiza, dziko laluza madola 30 pa firiji iliyonse. Ndipo wogulitsa wa pa pangano akakhala wochenjera amakweza mtengo wake kufika 245, poti akudziwa kuti mnzake sangatsike pansi pa 250. Pamenepo ndalama imene inkapita ku thumba la boma ikupita kwa kampani ya dziko lina. Ngoziyi imakula pamene msonkho wa kwa akunja uli wokwera kwambiri, choncho dziko lanzeru limatsitsako msonkho umenewo polowa m'pangano.

Wophunzirayo nkhawa yake ndi yeniyeni. M'mayiko olemera msonkho wa kasitomu ndi kagawo kakang'ono ka ndalama za boma. M'mayiko osauka ndi gawo lalikulu, chifukwa kutolera pa zipata zochepa za malire n'kosavuta kuyerekeza ndi kulondola mabizinesi miyandamiyanda osalembetsa. Kafukufuku wa Thomas Baunsgaard ndi Michael Keen wa ku IMF, wa mu 2005, anapeza kuti mayiko olemera anabweza mosavuta ndalama zimene anataya pochotsa misonkho ya malonda, pamene mayiko osauka sanabweze zoposa masenti pafupifupi 30 pa dola iliyonse. Chotsalacho chimalipidwa ndi munthu wina: VAT imakwera, boma limakongola, kapena ntchito zina zimaima. Ife tikuti nduna ya za chuma isalole pangano kupita ku nyumba ya malamulo popanda chiwerengero cha ndalama zotayika chaka ndi chaka, ndi msonkho umene udzatseke dzenjelo.

Amatiuza kuti ntchito zina zidzatha koma zina zidzabadwa. Kodi mlimi kapena wantchito wa m'fakitale angakhulupirire zimenezi? — Mtsogoleri wa gulu la alimi

N'zoona pa dziko lonse, koma si zoona pa munthu mmodzimmodzi. Ntchito yatsopano siibadwira m'dera limene yakale yafera, ndipo siifuna luso lomwelo.

Mexico ndi chitsanzo chimene mbali zonse ziwiri zimatchula. NAFTA itayamba pa 1 Januwale 1994, chimanga chinapatsidwa zaka 15, kufika 2008. Matani pafupifupi 2.5 miliyoni ochokera ku United States ankaloledwa kulowa ulere pachaka poyambirira, ndipo opitirira pamenepo ankayenera kulipira msonkho woposa 200 peresenti, womatsika chaka ndi chaka. Papepala alimi anali otetezedwa. Koma boma la Mexico zaka zambiri linkalola chimanga chopitirira muyezowo kulowa osatolera msonkhowo, pofuna kuti oweta ziweto ndi mafakitale a zakudya azigula motchipa. Mlimi wamng'ono wa ku Oaxaca kapena Chiapas, kum'mwera kwa Mexico, anapezeka akupikisana, nthawi isanakwane, ndi mlimi wa mathirakitala amene boma lake limamuthandiza ndi ndalama. Nthawi yomweyo mafakitale a galimoto anakula kumpoto ndi pakati pa dzikolo, ndipo olima mapeyala ndi tomato ogulitsa kunja anapeza msika waukulu. Zonsezi n'zoona. Kungoti mlimi wa chimanga wa zaka 50 sanasanduke wowotcherera zitsulo mumzinda wa mafakitale wa Monterrey.

Walira mvula walira matope, koma matopewa amagwera anthu ochepa odziwika, pamene mvula imagawidwa pang'onopang'ono kwa onse. Mayiko ena amaika thumba lothandiza ochotsedwa ntchito: United States inayambitsa Trade Adjustment Assistance mu 1962. Dziko lopanda ndalama zotere chida chake ndi ndime ya chitetezo cha kanthawi, yolola kubwezeretsa msonkho katundu wakunja akasefukira n'kuvulaza opanga a m'dziko. Kenya inaigwiritsa ntchito pa shuga ku COMESA kuyambira 2002, n'kumapempha nthawi yowonjezera mobwerezabwereza kwa zaka zoposa 20, ogula akulipira shuga wodula nthawi yonseyo. Chitetezo chopanda tsiku lenileni lothera ndi ndondomeko yokonzera mafakitale chimangosamutsira mtolo kwa osauka ogula. Dziwaninso kuti kuti ndimeyi igwire, pamafunika umboni wa manambala: katundu wolowa wakwera bwanji, mitengo yatsika bwanji, antchito angati achotsedwa. Gulu la alimi limene silisunga mabuku silingapambane mlandu umenewu.

Ndamva kuti mapanganowa amakhudza mankhwala a m'chipatala ndi mbewu. Zikugwirizana bwanji ndi msonkho? — Namwino

Sizikugwirizana ndi msonkho, mayi, koma zimalowetsedwa m'pangano lomwelo, makamaka pamene mbali imodzi ndi dziko lolemera. Malamulo a WTO, bungwe la malonda la dziko lonse lapansi, amapatsa wotulukira mankhwala ufulu wa zaka 20, wotchedwa patenti, kuti wina asawakopere. Mapangano ena amawonjezera pamwamba. Mu CAFTA-DR, la United States ndi mayiko a ku Central America ndi Dominican Republic, wopanga mankhwala otchipa ofanana nawo sangadalire zotsatira za kafukufuku wa kampani yoyambayo polembetsa mankhwala ake kwa zaka zosachepera 5, ngakhale patakhala kuti palibe patenti. Pa mankhwala a kumunda zaka ndi 10. Kubwereza kafukufuku wa pa anthu n'kodula, choncho amangodikira, ndipo chipatala chimagula odulawo. Pangano lomwelo linafuna kuti mayikowo alowe mu UPOV 1991, ndondomeko ya mayiko yoteteza opanga mitundu yatsopano ya mbewu, yomwe imachepetsa ufulu wa mlimi wogulitsa kapena kusinthana mbewu yotetezedwa imene wasunga.

Ndime ina yofunika kuiyang'anitsitsa ndi yolola kampani yakunja kusumira boma ku bwalo la oweruza apadera, kunja kwa makhoti a dzikolo. Mu 2000 bwalo lotere linalamula Mexico kulipira kampani ya Metalclad madola pafupifupi 16.7 miliyoni, akuluakulu a m'dera atakana kuti itsegule malo otayirako zinyalala zapoizoni ku San Luis Potosí. Canada inalipira kampani ya Ethyl madola 13 miliyoni mu 1998 n'kuchotsa chiletso chake pa mankhwala othira mu petulo. Mu USMCA njirayi inathetsedwa pakati pa United States ndi Canada, n'kuchepetsedwa kwambiri pakati pa United States ndi Mexico. Ngati mayiko okhala ndi maloya ochuluka chotero anaiona kuti ndi yolemetsa, dziko laling'ono liganize kawiri lisanaivomere.

Zonse mwanenazi zikuopsa. Phindu lobisika lilipo? — Wachinyamata woyamba bizinesi

Lilipo, ndipo ife timaliona kuti ndi lalikulu kuposa kutsika kwa mitengo m'sitolo. Loyamba ndi chitsimikizo. Mwayi wongopatsidwa ndi dziko lina umalandidwa tsiku lililonse. Mu 2018 United States inaimitsa mwayi wa Rwanda wogulitsa zovala popanda msonkho pansi pa lamulo lake la AGOA, lolola katundu wina wa ku Africa kulowa ulere, chifukwa Rwanda inakweza msonkho wa zovala zakaunjika. AGOA ndi lamulo la dziko limodzi. Pangano losainirana limamanga mbali zonse ziwiri, ndipo munthu woganiza zomanga fakitale yodzabweza ndalama zake m'zaka 10 amayang'ana chimenecho.

Lachiwiri ndi la opanga zinthu: makina, zitsulo, mapaketi ndi mankhwala a m'fakitale zikatsika mtengo, katundu wawo amatha kupikisana kunja. Lachitatu, mayiko ambiri olemera amalowetsa zosakonza ulere koma amaika msonkho pa zokonzedwa, monga koko wosagaya kulowa ulere pamene chokoleti ikulipira. Pangano likachotsa kusiyana kumeneku, kukonzera zinthu kwanu kumayamba kupindulitsa. Ndipo mapangano amakoka ntchito zina za pa malire, monga chipata cha Chirundu pakati pa Zambia ndi Zimbabwe, chomwe kuyambira 2009 thiraki imaima kamodzi m'malo mwa kawiri. Kwa wotumiza zinthu zowola, tsiku limodzi lopulumutsidwa pa malire likhoza kuposa msonkho wonse.

Koma siginecha yokha siitsegula chipata. Nigeria inasaina AfCFTA mu Julayi 2019, n'kutseka malire ake a pamtunda mwezi wotsatira, mpaka Disembala 2020. Ndipo malamulo a ukhondo wa chakudya sasintha ndi pangano: mtedza wodyedwa mwachindunji ukapitirira mamaikulogalamu 4 a aflatoxin, poizoni wa chuku, pa kilogalamu, European Union siulandira, msonkho ukhale ziro kapena ayi.

Ndiye munthu wofuna kugulitsa kunja ayambire pati? — Yemweyo

Yambani ndi HS code ya katundu wanu, monga mmene ilili m'buku la dziko limene mukugulitsako, chifukwa manambala opitirira 6 oyamba amasiyana dziko ndi dziko. Pezani ndandanda ya msonkho ya dzikolo pansi pa panganolo, muone ngati mzere wanu uli m'gulu lotsika msanga, lochedwa kapena losiyidwa, ndi msonkho wa chaka chino, osati wa chaka chomaliza. Chotsani umenewo ku msonkho wa masiku onse kuti mudziwe chimene mukupulumutsa. Chikakhala 2 kapena 3 peresenti, ndalama za satifiketi ndi nthawi ya mapepala zikhoza kuchidya chonse. Kenako werengani lamulo la mzere wanuwo la kumene katundu wapangidwira, ndipo muone ngati zipangizo zogula kumayiko ena a pa pangano zikuwerengedwa ngati zanu; m'mapangano ambiri a m'chigawo zimawerengedwa. Amalonda ang'onoang'ono a m'mayiko ena a COMESA afunse za njira yofupikitsidwa ya katundu wosapitirira madola 2,000, yomwe satifiketi yake imaperekedwa pa malire pomwepo, pa katundu amene ali pa mndandanda umene mayiko awiriwo anagwirizana.

Ngati nambala ya katundu wanu ili yokayikitsa, wogula wanu apemphe ofesi ya kasitomu ya dziko lake chigamulo cholembedwa katundu asananyamuke. Pangano la WTO lofewetsa malonda, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Febuluwale 2017, limafuna kuti mayiko azipereka zigamulo zotere pa nambala ya katundu ndi pa kumene wapangidwira. Tumizani chitsanzo cha katunduyo, mndandanda wa zipangizo ndi kumene chilichonse chagulidwa, ndipo thiraki isapakidwe kalatayo isanabwere.